Kodi Rambo Wanuyo Anabayitsa?

Khalani pansi, adzukulu inu, ndipo mafoniwo muwagoneke chafufumimba pamphasapo. Iwe mwamuna wanga wa tsitsi loimirira, chotsa zingwe zili m'makutuzo, ukwati wathu uli pachiswe lero. Nawe mkazi mnzanga usamasekere m'chitenje, mlanduwu ndi wako womwe. Ndakuitanani pa nkhani ya anzathu awiri a pakhomo pano amene sangathe kudzinenera okha: galu uja mumamutcha Rambo, ndi mphaka wopanda dzina amene amagona pansi pa nkhokwe ya mpunga.

Ndiyambe ndi dzinalo. Kale galu ankanyamula uthenga. Munthu akayambana ndi mnansi sankapita kukalalata pakhomo pa eni, ankangopeza kagalu n'kukatcha Adzatopa kapena Nenanizanu, ndipo madzulo aliwonse akamakaitana, mudzi wonse unkamva, mwini nkhani n'kumeza malovu. Inu mwatenga chinthu choonda choti nthiti zake munthu n'kuziwerenga ali kutsidya kwa msewu, makutu atatha ndi ntchentche, n'kuchipatsa dzina la chimunthu cha mufilimu chonyamula mfuti. Tcheni munagula, ndachiona. Chithunzi pa Facebook munaika, atero anzanu. Koma nditafunsa kuti khadi lake la katemera lili kuti, munangoyang'anana ndwii, wina mpaka chifuwa chinamuyamba pomwepo.

Musati ambuya akalamba, ayamba kulongolola za agalu posowa chokamba. Galu wamkota sakandira pachabe. Wanuyu ndiye akukandadi, koma chifukwa chake ndi nthata, ndipo tifikako. Musaiwalenso kuti ine ndinachoka kwa Mwase ku Lundazi nditagwira choko, kudzaphunzitsa ana a Asenga makolo anu asanamere mano, ndiye manambala sandiopsa.

Mwabadwira ku Chama, kumene mudzi umathera pomwe tchire la nyama layambira. Kumadzulo kwathuku kuli Luangwa, kutsidya kwake North Luangwa National Park, ndipo abale athu a kwa Chikwa ndi kwa Chifunda amalima m'dera losungira nyama la Musalangu. Kum'mawa kuli Malawi, ndipo galu sadinditsa pasipoti. Nkhandwe ikabwera usiku kudzafuna nkhuku, fisi akamanunkhiza khola la mbuzi, amene amatuluka kukakumana nazo ndi galu, inu mukuliza mkonono. Komabe musaikire nkhandwe mlandu wonse wa chiwewe. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mwa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amakhala achitenga kwa galu. Matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ochuluka kuno ku Africa ndi ku Asia, ndipo 4 mwa 10 aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Galu wake si wachilendo wochokera kuthengo ayi. Kawirikawiri ndi wa pakhomo, kapena wa kwa aneba, yemwe uja mwana amamukoka mchira.

Mvetserani momwe chimayendera, chifukwa apa mpamene anthu amapusira. Kachilombo kake kamakhala m'malovu. Galu akaluma, kapena akangonyambita pachilonda, kamalowa m'mnofu n'kuyamba kukwawa pang'onopang'ono potsata mitsempha, kulunjika ku ubongo. Chilonda chimapola bwinobwino, mwana n'kubwerera kusukulu, onse n'kuiwala. Pakapita mwezi, iwiri, itatu, mwinanso mpaka chaka, mwana amayamba kutentha thupi, pachipsera paja pamayabwa kapena kuchita dzanzi. Kenaka amayamba kuopa madzi: ludzu ali nalo, koma akangoona kapu, pakhosi pamamangika. Zikafika pamenepo palibe chipatala chingamubweze, kaya cha pa Boma pano, kaya UTH ku Lusaka, kaya cha ku London. Ndiponso mwana ndi wamfupi, galu amamupeza kumaso kapena m'khosi, pafupi ndi mutu, ulendo wa kachilombo n'kufupika. Apa pokha sindikuseka, ndipo nanu mano mubise.

Chimene chimandipweteka mutu n'chakuti njira yake inapezeka kalekale. Mu July 1885 ku Paris, mkulu wina wa ku France, Louis Pasteur, anabayitsa katemera mnyamata wa zaka 9, Joseph Meister, amene galu wachiwewe anamuluma malo ambiri. Mnyamatayo sanadwale, anakula mpaka kumera imvi. Pasteur anamwalira pa 28 September 1895, n'chifukwa chake chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za chiwewe pa 28 September. Ndiye kuti nzeru mukuithawayi ndi yaikulu kuposa ine, kuposa amayi anga. Inu amene mumati ndinu amakono, mwatsalira kumbuyo kwa chaka cha 1885. Kalanga ine!

Ndazimva zifukwa zanu, poti makutu angawa akugwirabe ntchito. Ati jekeseni amafooketsa galu, sathamangitsanso akalulu. Mwamuna wanga, Rambo wakoyo kalulu womaliza anamugwira liti? Chimene chikumufooketsa ndi njala, njoka zam'mimba ndi nkhupakupa zimene zadzaza m'makutu mwake. Ati galu wa aujeni anabayitsa n'kufa sabata yomweyo. Pitani mukafunse bwino, mukapeza kuti anali akudwala kale, kapena kachilombo kanali katalowa kale, pakuti katemera amatseka chitseko, satulutsa mlendo amene wakhala kale pampando. Ena ati galu wathu ndi wofatsa, saluma. Chiwewe sichifunsa khalidwe. Galu wina chikamugwira amalusa, kuluma mitengo, miyala, mbuye wake amene. Wina amangoti zii pakona, chibwano chili lende, dovu likuyenderera, ndipo mwini wake wachifundo amapisa dzanja m'kamwa poganiza kuti watsamwa ndi fupa. Dzanja limenelo lili ndi timabala ta kumunda.

Chifukwa chimene chinandiseketsa mpaka kutsamwa ndi chakuti n'kutali. Kutali! Inu omwe mumakwera chulu usiku kusaka netiweki. Inu omwe Kwenje akafika kwa Kambombo mumanyamuka tambala asanalire, nsapato zopolisha. Inu omwe mumapeza ya petulo wa honda mpira wa ku England ukamaonetsedwa pa Boma. Taganizani za a vetenale. Katemera uja safuna kutentha, amayenda m'bokosi lozizira, ndipo kutentha kwa kuchigwa kuno mu October mukukudziwa. Munthu wamanga bokosi panjinga yamoto, wadutsa mchenga, wakhala pansi pa mtengo pasukulu, mafumu alengeza, kutchalitchi alengeza, ndiye inu n'kumati tidzapita ulendo wina. Ulendo wina uti? Mvula ikangoyamba mitsinje imadzaza, midzi ina imakhala yosafikika mpaka dzinja litatha. Tsiku limene mwaphonyalo likhoza kukhala chaka chathunthu.

Ndipo galu wako yekha sakwanira. Akatswiri anawerengera kuti agalu 7 mwa 10 aliwonse m'dera akabayidwa, chiwewe chimasowa polumphira, chimazima chokha. Koma chiwerengerocho sichikhalitsa, chifukwa agalu a kumudzi sakalamba: ena afa, ena abadwa, pofika chaka chamawa theka la agalu a m'mudzi ndi achilendo. N'chifukwa chake ntchitoyi ndi ya chaka ndi chaka, ndipo kagalu kakakwana miyezi itatu kamayenera kubayidwa. A vetenale akabwera kali kocheperapo, kanyamuleni ndithu, akaone okha. Musati sizingatheke. Ku Blantyre mu 2015 a bungwe la Mission Rabies anabaya agalu opitirira 35,000 m'masiku 20 okha, ndipo ambiri mwa amene ankabwera atagwira zingwe pamzere anali ana asukulu, misinkhu ya azing'ono anu. Maiko anapangana kuti pofika 2030 pasapezekenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Kaya pangano limeneli likwaniritsidwa, zili m'manja mwa anthu onga inu, ndipo ndikakuyang'anani mtima umandithawa.

Lamulo nalo lilipo, poti mwina mumaopa apolisi kuposa ambuya anu. Limatchedwa Control of Dogs Act, ndipo limafuna kuti galu alembetsedwe komanso abayidwe. Kakhadi kamene a vetenale amapereka si koyatsira mbaula. Tsiku limene Rambo adzalume mwana wa eni, funso loyamba kuchipatala ndi pabwalo la amfumu lidzakhala la kakhadi kameneko. Kakalipo, mitima imakhala pansi. Kakasowa, mudzagulitsa matumba a mpunga kulipira mayendedwe ndi majekeseni a munthu, omwe ndi angapo, pamasiku osiyana, okwera mtengo kutalitali kuposa umodzi wa galu. Kakhadiko mudzandipatse ine, ndikasunge m'chitini momwe muli makhadi a kusikelo a nonsenu.

Tsono tsoka likagwa, wina walumidwa kapena kukandidwa, musandithamangire ndi ubweya wa galu wowotcha kuti tipake pabala, musathire mchere, tsabola, fodya kapena dothi. Tengani sopo ndi madzi ambiri, mutsuke balalo madzi akuyenderera kwa mphindi 15 zathunthu. Mafoni anu ali ndi wotchi, agwireko ntchito yooneka kamodzi. Mukatero, kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono, ndipo a vetenale adziwitsidwe. Galuyo ngati n'kotheka atsekeredwe pamalo poti sangalume wina, azipatsidwa chakudya ndi madzi, aonedwe kwa masiku 10. Koma wolumidwayo asakhale pakhomo kudikira masikuwo, achipatala ndiwo anene. Galu akafa kapena akaphedwa, musamugwire ndi manja, musamutaye kudambo kumene agalu anzake akamupeze. A vetenale ali ndi njira yotumizira mutu wake kokapima, mpaka ku Balmoral kufupi ndi Lusaka. Ndipo azing'ono anu muwauze kuti wolumidwa sakwapulidwa, chifukwa mwana woopa chikoti amabisa bala.

Tibwere ku nthata zija. Mumaziona ngati kanthu koyabwa chabe. Funsani a kwa Tembwe. Mliri wa makoswe unalembedwa koyamba m'dziko muno mu 1917, ndipo kunali kwa Tembwe komweku, m'chigwa chathu chino. Mu 2015 unabukanso ku Nyimba. Matendawa amakhala mwa makoswe, nthata n'kuwatenga. Makoswe akafa, nthata zimasaka magazi ena, ndipo galu kapena mphaka amene wanunkhiza khoswe wakufa amazinyamula kudzazitula pamphasa yomwe mwakhalapoyo. Boma linatisamutsira ku Muchinga mu 2011, n'kutibwezera ku Eastern mu 2021, koma nthata sizinasamuke nawo ulendo uliwonse. Mukaona makoswe akufa okha ambiri pakhomo, si mwayi wa ndiwo za mphaka, ndi nkhani yokanena kuchipatala.

Apa ndiye ndiime ngati mboni ya mphaka. Mpunga wa ku Chama umatchuka mpaka ku Lusaka, ndipo amene amaulondera usiku m'nkhokwe si iwe mwamuna wanga. Komatu malipiro ake ndi kuponyedwa chikuni akayandikira mphika, ndi kunenedwa kuti ndi wa afiti akalira usiku. Mfiti yanji yoonda chonchija? Mphaka nayenso amatenga chiwewe, amaluma, amakanda, ndipo malo ake ndi pamiyendo pa ana. Nayenso amabayitsa. Ndikudziwa kuti samangidwa chingwe. Amaikidwa mudengu lotseka bwino, kapena m'thumba loti mpweya uzilowa, osati kumukumbatira pachifuwa n'kudutsa naye pakati pa agalu makumi atatu, pokhapokha ngati ukufuna mphini zatsopano. Ndipo mukathira mankhwala a makoswe m'nkhokwe, dziwani kuti khoswe woledzera ndi poizoni ndiye wosavuta kugwira, mphaka amudya, mawa mulonda wagona osadzuka.

Koma chondiopsa kwambiri ndi udokotala wanu. Sukulu ya madokotala a ziweto ili ku UNZA, imatchedwa dzina la Samora Machel, ndipo anthu amathako zaka. Inu munaimaliza madzulo amodzi pa TikTok. Ndinakuona iwe ukusungunula mankhwala opopera thonje mubeseni kuti usambitse galu. Mankhwala amenewo amalowa pakhungu, galu amadzinyambitanso, kenaka dovu, kunjenjemera, kugwa, ndipo mudzati amulodza. Oyilo wakuda wa mu injini amene mumapaka galu wa mphere amawotcha khungu, mphere n'kutsala momwemo. Ndipo mkazi mnzanga, mvetsa ichi: Panado amene amakuchiza mutu iwe amapha mphaka, ngakhale kachibenthu, chifukwa chiwindi chake sichitha kumugaya. Mankhwala enanso a nthata opangira agalu ndi poizoni kwa mphaka. Musanathire kanthu pa chiweto, funsani a vetenale dzina la mankhwala ndi muyezo wake. Za kudyetsa kagalu tsabola ndi chamba kuti kaluse, sindinenapo, ndingachimwe pakamwa. Galu wolusa mopanda nzeru amayamba ndi ana a pakhomo pomwepo.

Nkhupakupa zimafuna maso ndi zala, basi. Yang'anani m'makutu, m'khosi, pakati pa zala. Galu akayamba kukana nsima, mukatukula mlomo n'kupeza nkhama zayera, mkodzo wafiira, ndiye kuti nkhupakupa zamupatsira matenda otha magazi, ndipo akafulumira naye amachira. Njoka zam'mimba ndiye zimayamba kagalu kasanabadwe, kamazitengera m'mimba mwa make ndi mumkaka, n'chifukwa chake timaoneka timimba totupa pa timiyendo toonda. Mankhwala ake amayamba kali ndi masabata awiri, kubwereza masabata awiri aliwonse mpaka miyezi itatu, ndipo galu wamkulu amamwa pa miyezi itatu iliyonse. Mukati n'kuwononga ndalama, kumbukirani kuti mazira a njokazo amatsala m'dothi la pabwalo pano, pomwe mng'ono wanu wokwawa amadya dothi ndi manja awiri. Tsache ndi khasu zilipo, chimbudzi cha galu chizikwiriridwa.

Kuchigwa kuno tilinso ndi zathuzathu zimene a mutauni sazidziwa. Kashembe amene amapatsa anthu kaodzera ndi kupha ng'ombe, galu samusiya. Mukapita naye kuthengo n'kuona patapita masabata akuonda, akutupa, maso achita mtambo woyera, musati wakalamba kapena njoka yamulavulira. Thamangani naye, mankhwala alipo akafika msanga. Ndipo chaka cha 2011 ena mwa inu munali kumsana. Mvuu zopitirira 80 zinafa mu Luangwa ndi matenda a anthrax, anthu n'kuona ngati Mulungu wagwetsa ndiwo. Anadwala anthu opitirira 500 m'boma lino, 5 anamwalira. Kuyambira pamenepo nyama yofa yokha sindifuna kuiona pakhomo pano, kaya yabwera pamutu pa munthu, kaya pakamwa pa galu. Galu wanjala ndi amene amayenda mtunda kukakoka mafupa a chinthu chovunda n'kudzawatula kuseri kwa khitchini. Galu wokhuta amagona pakhonde. Madeya alipo, mkute ulipo, mitu ya nsomba ilipo, madzi akumwa m'chigoba ndi aulere. Galu wongodya zimene watola kudzala si wanu, ndi wa dzala.

Kuyendayendako kuli ndi mankhwala enanso, ndipo mwamuna wanga usafinye nkhope. Galu wamphongo amafulidwa, wamkazi amatsekedwa kuti asabereke. Si nkhanza. Nkhanza ndi zimene ndimaziona chaka ndi chaka: galu wabereka asanu ndi awiri, awiri mwagawa, otsalawo afa ndi kutsegula m'mimba kwa magazi, kapena mwakawataya kumtsinje muthumba usiku. Kutsegula m'mimba kumeneko nako kuli ndi katemera wake wa tiagalu, mukafunse. Galu wofula sasiya kuuwa mbala, amangosiya kugona kumidzi ya eni n'kubwera ndi mabala a ndewu, ndipo mabala a ndewu ndiwo njira ya chiwewe. Koma ntchito imeneyi ndi ya a vetenale, osati lumo ndi mphira wa njinga kuseri kwa nyumba. Ndikadzamva kuti mwayesa, nkhuku ya chindapusa mudzaigwira nokha.

Tsono mawa kukacha, iwe mwamuna wanga upite ku ofesi ya vetenale pa Boma. Ukafunse tsiku lobaya agalu kuno kwathu, ndipo ngati lili kutali ukafunse mtengo wobayitsa pa ofesi pomwepo, pamodzi ndi mankhwala a njoka ndi a nthata, unene kuti pali galu ndi mphaka. Popita udzere kwa amfumu, uwauze kuti tsikulo likadziwika achinyamata a pano ndinu mudzayende khomo ndi khomo, kuphatikizapo kwa agogo aja a agalu anayi amene miyendo inawakana. Mkazi mnzanga, iwe usoke chivundikiro cha dengu lija. Ndipo pobwera mundigulire sopo wamtanda, osati wonunkhira, chifukwa amene ndinasunga pawindo munachapira nsapato za mpira.